Maneti tinagawa, LA ndi waulere, nanga malungo akutipezerera pati?

Mlangizi wa Zaumoyo, Machinga

Akuluakulu, moni nonse. Mvula yayamba ndipo tonse tikudziwa zimene zikubwera: kuyambira Januwale mpaka Epulo mabenchi a kuchipatala adzadzaza ndi ana otentha thupi. Zida zolimbana ndi malungo dziko lino lili nazo pafupifupi zonse. Maneti amagawidwa, LA ndi waulere m'zipatala za boma, zoyezera magazi zinafika mpaka m'makiliniki a kumudzi, amayi oyembekezera amamwa Fansida ku sikelo, ndipo katemera tinayamba ndife pa dziko lonse mu Epulo 2019. Nanga chidebechi chikudontha pati? Chonde tisayankhe kuti "anthu samva". Aliyense anene cha m'gawo lake, ndi chochita chake.

Wa ku Famase

Ndiyambe ine achimwene, chifukwa mankhwala ambiri amasowera pa pepala galimoto isananyamuke n'komwe. Katundu amene chipatala chimalandira amawerengedwa kuchokera pa malipoti a miyezi yapitayo, kawirikawiri itatu. Ndiye oda ya Januwale imatsamira pa Okutobala, Novembala ndi Disembala, malungo asanakwere. Mukangotenga avereji osaganizira nyengo, LA akutherani pakati pa mwezi. Tsegulani kaundula wa Januwale ndi Febuluwale wa chaka chatha, ndi amene akuuzeni zoona.

Palinso masiku amene shelefu inali yopanda kanthu. Tinene kuti mwapereka mapaketi 300 m'masiku 20, kenako masiku 10 munalibe. Mukalemba 300 basi, kumtunda aganiza kuti pamwezi mumafuna 300, pomwe chiwerengero chenicheni ndi 450. Akutumizirani ochepa, atha msanga, mulembanso ochepa, zizingopitirira choncho. Danga la masiku amene munalibe mankhwala lilipo pa fomu, koma ndi limene limasiyidwa losalemba kuposa ena onse.

LA ali m'mapaketi anayi: 6x1, 6x2, 6x3 ndi 6x4 (kumwa ka 6, piritsi limodzi mpaka anayi nthawi iliyonse). Oyamba kutha ndi a ana. Kudula paketi ya 6x4 kuti ithandize ana n'kwabwino kuposa kuwabweza chimanjamanja, mankhwala ndi omwewo, koma lembani pa sitoko khadi zimene mwachitadi. Mukapanda kutero lipoti lionetsa ngati akudwala kwambiri ndi akuluakulu, mwezi wotsatira mulandira 6x4 yekhayekha. Musaiwalenso kuti mapiritsi a mu 6x4 sasungunuka okha m'madzi ngati a ana aja, ayenera kuphwanyidwa, ndipo paketi yodula ilibenso zithunzi zosonyeza nthawi yomwera.

Wa ku Labu

A ku famase anena zoona, koma LA wina amathera pa anthu amene alibe malungo, ndipo wina safika kwa amene ali nawo, zonse chifukwa cha kayezedwe. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Pukutani chala ndi sipiriti, dikirani chiume musanabaye. Magazi ofunika ndi 5 microlitre okha, ndiye kuti mlingo wa kotengera kamene kabwera m'bokosimo. Mukachulutsa, kazenera konse kamafiira ndipo mzere wofooka suoneka. Madontho a bafa, madzi a m'kabotolo kobwera ndi zoyezera, akhale amene alembedwa pa bokosi la mtundu umenewo, botolo liime chilili pothira. Bafa wa kampani ina sathiridwa pa choyezera cha kampani ina, ndipo madzi kapena selaini salowa m'malo mwake akatha. Nthawi yodikira ndi mphindi 15 kapena 20 malinga ndi mtundu. Mzere wa odwala ukatalika panja, woyeza amawerenga pa mphindi 5, mzere wofooka usanatuluke, n'kulemba kuti palibe malungo. Wina amaiwala mpaka ola lathunthu n'kuwerenga mzere wabodza. Lembani dzina ndi nthawi pa kaseti (choyezeracho) pomwepo ndi peni. Mzere wa C, wosonyeza kuti choyezera chagwira ntchito, ukapanda kutuluka, chiyeso chimenecho chafa, tengani china. Mzere wa T ngakhale uwoneke mwapatalipatali, amenewo ndi malungo.

Zoyezera zathu zimafufuza puloteni ya kachirombo yotchedwa HRP2, ndipo imeneyi imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo kachirombo katafa. Mwana amene anamaliza LA milungu iwiri yapitayo atha kuonetsa mizere iwiri pomwe chikumutenthetsa thupi ndi china. Ameneyo amafunika maikolosikopu, osati LA wachiwiri mongoganiza. Ku Eritrea ndi ku Ethiopia kuli vuto losiyana: tizirombo tina sitipanganso HRP2, choyezera chimakana munthu ali ndi malungo, mpaka Eritrea inasintha mtundu wa zoyezera. N'chifukwa chake wodwala amene ali ndi zizindikiro zonse za malungo aakulu sabwezedwa chifukwa kaseti yakana.

Mlangizi wa Zaumoyo, Machinga

Zikomo a ku labu. Koma kaseti ikakana, mayi amachoka wokhumudwa n'kukagula mankhwala pa golosale. Pamenepa titani?

Namwino wa ku Wodi ya Ana

Achimwene, mayi sakhumudwa ndi kaseti, amakhumudwa akaona kuti kaseti itakana palibenso amene wamugwira mwanayo. Vulani mwana malaya, werengani kupuma kwa mphindi yathunthu ali phee. Kuyambira miyezi 2 mpaka 12, kupuma ka 50 kapena kuposa ndi kubanika. Kuyambira chaka mpaka zaka 5 ndi ka 40. Chimenecho chitha kukhala chibayo, ndipo LA sachiza chibayo. Onani makutu, pakhosi, khungu, funsani za kutsegula m'mimba. Kenako muuzeni mayi tsiku lobwerera, pakatha masiku 3 ngati kutentha sikunasiye, ndi zizindikiro zobwerera nthawi yomweyo.

Ndipite ku LA, chifukwa kwa ine apa ndi pamene timataya ana ambiri amene tinawapeza kale. Mlingo umatsata sikelo, osati maso: makilogalamu 5 mpaka osakwana 15 piritsi limodzi, 15 mpaka osakwana 25 awiri, 25 mpaka osakwana 35 atatu, 35 kupita m'tsogolo anayi. Amamwa ka 6 m'masiku 3. Woyamba amwere pamaso panu. Wachiwiri ndi pakatha maola 8, osati mawa. Kumuuza mayi kuti "pakatha maola 8" sikokwanira. Mwana akamwa 8 koloko m'mawa, nenani kuti wachiwiri ndi 4 koloko madzulo dzuwa litapendeka. Akamwa 2 koloko masana, wachiwiri ndi 10 koloko usiku, amudzutse. Masiku awiri otsalawo ndi m'mawa ndi madzulo. Akasanza mphindi 30 zisanathe, abwereze, ndipo abwere adzatenge mapiritsi olowa m'malo mwa amene atayikawo.

Mu LA muli mankhwala awiri. Artemether amapha tizirombo tambiri msanga koma sakhalitsa m'thupi, n'chifukwa chake mwana amadzuka n'kuyamba kusewera tsiku lachiwiri. Lumefantrine ndi amene amatsalira kumaliza totsala. Mayi akaona mwana akusewera amasunga mapiritsi otsala kuti adzathandize m'bale wake akadzadwala, ndiye ana awiri onsewo alandira theka. Zimenezi zimafunika kuzinena poyera popereka mankhwala: "Aoneka ngati wachira mawa, koma musasiye, ndipo wina akadwala mubwere naye, mankhwala ake alipo." Lumefantrine amalowanso bwino m'magazi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta.

Mlangizi wa Zaumoyo, Machinga

Pa zamafutazo a nesi ndili ndi nkhawa. Nyengo ya malungo ndi yomweyonso ya njala. Kuuza mayi mu Febuluwale kuti apeze mkaka kapena majarini, ena amachedwetsa mankhwala podikira kupeza chakudyacho.

Namwino wa ku Wodi ya Ana

Mwakhudza pofunika. Mafuta ofunika ndi ochepa kwambiri. Mwana woyamwa, bere ndi lokwanira, ayamwe akangomwa mankhwala. Wamkulupo, phala lothira nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta ophikira. Ngati palibe chilichonse, amwe basi pa nthawi yake. Kudumphitsa mlingo n'koipa kuposa kumwa wopanda mafuta.

Dokotala wa Ana, Blantyre

Ndilowepo pa malungo aakulu, chifukwa imfa zambiri zili pamenepa. Pa dziko lonse mu 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ochuluka zedi ku Africa kuno, ndipo mwa amenewo atatu mwa anayi alionse anali ana osakwana zaka 5.

Zizindikiro tonse timazidziwa: linjirinjiri, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kufookeratu osatha kukhala tsonga, kukomoka, zikhatho zoyera. Mwana wotere LA samupatsa pakamwa. Kumudzi, wosakwana zaka 6 amaikidwa artesunate wa kumatako, 10 mg pa kilogalamu: kapiritsi kamodzi ka 100 mg mpaka makilogalamu 10, tiwiri mpaka makilogalamu 20. Gwirani matako pamodzi kwa mphindi 10, ndipo kakatuluka mphindi 30 zisanathe ikani kena. Koma mankhwala amenewa ndi ogulira nthawi ya pamsewu basi. Kafukufuku wa CARAMAL ku DR Congo, Nigeria ndi Uganda anaonetsa kuti kumene ana sankafika kuchipatala chachikulu, kapena ankafika koma osamalizitsidwa mankhwala, phindu lake silinaoneke. Mwana amatsitsimuka pang'ono, banja n'kubwerera panjira.

Akafika, jakisoni wa artesunate: 2.4 mg pa kilogalamu, koma wosakwana makilogalamu 20 ndi 3 mg pa kilogalamu. Kabotolo ka 60 mg kathireni 1 ml ya sodium bicarbonate wobwera nako, gwedezani mpaka madzi ayere mbee. Akakhalabe a mbuu, tayani. Onjezani 5 ml ya selaini ngati ndi wa mumtsempha, zikhala 10 mg pa ml, kapena 2 ml ngati ndi wa pantchafu, zikhala 20 mg pa ml. Mwana wa makilogalamu 12 afunika 36 mg, ndiye 3.6 ml mumtsempha, mokankha pang'onopang'ono. Osakaniza kale sasungidwa kupitirira ola. Amabayidwa pofika, pakatha maola 12, pakatha maola 24, kenako kamodzi patsiku mpaka atatha kumwa. Jakisoni atatu oyambawo sadumphidwa ngakhale mwana atadzuka, ndipo pambuyo pake amamwa LA wathunthu masiku 3. Wa maola 12 ndi amene amasowa kwambiri chifukwa amagwera usiku, namwino ali yekha ndi wodi yonse. Lembani nthawi yeniyeni pa fayilo, osati "BD" (kawiri patsiku).

Yezani shuga mwa mwana aliyense wokomoka. Akatsika, dextrose wa 10% pa 5 ml pa kilogalamu. Mtsempha ukavuta, shuga wonyowetsa pansi pa lilime amathandiza podikira. Kukomokako kuyezeni ndi Blantyre Coma Score, imene inapangidwa ku Queen Elizabeth konkuno: maso, kulira ndi kusuntha, kuyambira 0 mpaka 5. Pa 2 kutsika m'munsi, mwana ali chikomokere.

Mlangizi wa Zaumoyo, Chikwawa

A dokotala, pa za pamsewuzo ndionjezere. Kalata yotumizira ilembedwe nthawi imene artesunate waikidwa ndi kuchuluka kwake. Koma kalata siyenda yokha. Mudzi ukhale utagwirizana mvula isanafike kuti wa kabaza kapena wa njinga yamoto wodzutsidwa usiku ndi uti, ndalama yake ichokera kuti, ndipo mtsinje ukadzaza adzera njira iti. Zimenezi ndi za komiti ya zaumoyo ndi anyakwawa, zikambidwe mu Okutobala. Za linjirinjiri, mabanja ambiri amayamba kwa asing'anga. Kuwanyoza asing'angawo sikubweretsa mwana msanga. Kukhala nawo pansi n'kugwirizana kuti mwana wotentha thupi wogwa linjirinjiri amutumize nthawi yomweyo, kumeneko kumathandiza.

Dokotala wa Ana, Blantyre

Ndi zoona achimwene. Ndipo mwana amene anathiridwa magazi chifukwa cha malungo sanatuluke m'ngozi tsiku lotuluka m'chipatala. Miyezi yotsatira ndi imene ambiri amabwereranso kapena kumwalirira kunyumba. N'chifukwa chake mu 2022 WHO inalimbikitsa kuwapatsa mankhwala oteteza akatuluka. Ana otere alangizi aziwadziwa ndi mayina n'kumawayendera.

Mzamba wa ku Sikelo

Kwathu nkhani ndi Fansida. Malawi inayamba kupereka SP, amene ndi Fansida yemweyo, kwa amayi oyembekezera mu 1993, mayiko ena asanayambe. Mapiritsi ndi 3 nthawi imodzi, kuyambira milungu 13, motalikirana mwezi, kosachepera katatu mpaka kuchira. Tizirombo timabisala mu nsengwa mayi osamva kudwala, zotsatira zake ndi kuchepa magazi ndi mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5.

Chimaononga ndi chiyani? Mayi amabisa mimba mpaka miyezi 6, ndiye nthawi yomwera katatu yachepa. Chidebe cha madzi ndi makapu zikasowa pa sikelo, amapatsidwa kuti akamwere kunyumba, ndipo ambiri samwa poopa chizungulire. Anamwino ena amabweza mayi chifukwa sanadye, pomwe SP amamwedwa ngakhale m'mimba muli mopanda kanthu. Folic acid wa 0.4 mg alibe vuto, koma wa 5 mg amafooketsa SP. Mayi amene akumwa Bactrim tsiku lililonse chifukwa cha HIV sapatsidwa SP. Ndipo SP ndi woteteza chabe: woyembekezera akapezeka ndi malungo, ameneyo afunika mankhwala ochiza.

Wa za Udzudzu

Amayi mwafotokoza bwino. Ine ndibwere ku maneti. Pogula timagawa chiwerengero cha anthu ndi 1.8, ndiye mudzi wa anthu 900 ndi maneti 500, kuti pafupifupi anthu awiri agawane imodzi. Koma anthu sagona awiriawiri monga pa pepala. Bambo ndi mayi ndi khanda atenga imodzi, agogo ina, ana a sukulu ogona ku gowelo kapena pabalaza atsala pamtunda. Ana a msinkhu umenewu ndi amene amapezeka kwambiri ndi tizirombo m'magazi osadwala, udzudzu n'kumatenga kwa iwo kupatsira makanda. Polembera, funsani malo ogona, osangoti anthu angati.

Udzudzu wa Anopheles funestus, umene umaswana m'madambo ndi m'madzi okhalitsa a udzu, unazolowera mankhwala a pyrethroid, amene amaikidwa m'maneti, kalekale, ku Chikwawa ndi madera ena. N'chifukwa chake kunabwera maneti a PBO (mankhwala owonjezera mphamvu ya pyrethroid) ndi a Interceptor G2. A Interceptor G2 ndi amene ali ndi mankhwala ena otchedwa chlorfenapyr. Ameneyu sagwetsa udzudzu pomwepo, umakafera kwina patapita maola, ndiye anthu amati netiyo ilibe mphamvu. Afotokozereni pogawa.

Neti yatsopano iyanikidwe pamthunzi maola 24 isanagonedwe, apo ayi imayabwa kumaso, munthu n'kuitaya. Kwa ogona pamphasa, m'mphepete mwake mupindiridwe pansi pa mphasa mbali zonse, ndipo kukacha ikwezedwe m'mwamba kuti ana, nkhuku ndi makoswe asaing'ambe. Koloboyi akhale patali. Kuchapa ndi sopo wamtanda, mosapikicha, osati pafupipafupi, kuyanika pamthunzi. Kabowo kasokedwe kadakali kakang'ono. Timati neti imakhala zaka 3, koma m'nyumba zambiri pofika chaka chachiwiri yatha, ndiye maneti a ku sikelo ya amayi ndi a ana obadwa kumene asamasowe pakati pa kampeni ndi kampeni. Za kuphera usipa ndi matemba kapena kutchingira dimba, funsani kaye ngati ndi yatsopano. Yakale yong'ambika kutchingira mbewu si mlandu. Yatsopano m'nyanja ndi mlandu pawiri, chifukwa imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe.

Kupopera m'nyumba, monga kunayambira ku Nkhotakota mu 2007, kumagwira ntchito kukachitika mvula isanayambe ndipo nyumba zosachepera 85 pa 100 zilizonse zapoperedwa. Katundu atuluke, anthu adikire panja maola awiri, tizilombo takufa tisesedwe n'kutayidwa m'chimbudzi nkhuku zisanadye, ndipo khoma lisazirwe kapena kupakidwa laimu pambuyo pake. Vuto lake ndi mtengo, ndipo kumene kwasiyidwa popanda china cholowa m'malo, malungo amabwerera.

Wa Katemera

Katemera wa malungo wa RTS,S amaperekedwa ka 4: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. M'madera oyesera a Malawi, Ghana ndi Kenya imfa za ana a msinkhu wolandira zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Wovuta ndi wachinayi. Mayi akalandiritsa wa chikuku wachiwiri pa miyezi 15 amaona ngati sikelo yatha, mwina ali kale ndi pakati pena. Tsiku la wachinayi lilembedwe m'buku la mwana pa tsiku la wachitatu, ndipo mlangizi akhale ndi mndandanda wa ana okwanitsa miyezi 22 mwezi uliwonse. Wochedwa sayambiranso, amapitiriza pamene analekezera. Katemerayu amabwera m'timabotolo tiwiri tomangirizana, kaufa ndi kamadzi, tokwana ana awiri. Asungidwe pa 2 mpaka 8 digiri osaundana, ndipo akasakanizidwa atayidwe pakatha maola 6. Muuzeni mayi mosabisa kuti mwana wobayidwa atha kudwalabe malungo, neti isachoke.

Wa ku Famase

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi LA mwiniwakeyo. Chloroquine tinamusiya mu 1993 atasiya kugwira ntchito, SP tinamusiya ngati wochizira mu 2007. Tsopano tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin tatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi ku Kagera, kumpoto kwa Tanzania. Chimene chimalera tizirombo totere ndi mlingo wosamaliza, komanso chizolowezi cha makiliniki ena olipira chobaya artesunate kamodzi munthu wa malungo wamba n'kumubweza wopanda LA. Odwala amaukonda jakisoni, koma kumeneko n'kuononga mankhwala okhawo amene amadzutsa mwana wokomoka.

Komanso gawo lalikulu la LA, zoyezera ndi maneti lakhala likugulidwa ndi thumba la Global Fund ndi PMI, pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi malungo. Thandizo la America litaimitsidwa mu Januwale 2025, mayiko ambiri anaona kuti ngakhale mafuta a galimoto yonyamula mankhwala ankalipiridwa ndi opereka thandizowo. Boma liyenera kukhala ndi mzere wakewake wa LA ndi artesunate mu bajeti, ndipo ife tisamataye paketi n'imodzi yomwe chifukwa yatha nthawi ili kuseri kwa katoni yatsopano.

Mlangizi wa Zaumoyo, Chikwawa

A ku famase, funso lachangu. Chipatala china chili ndi 6x3 wambiri wotsala miyezi iwiri kuti athe nthawi, china chapafupi chilibe LA n'komwe. Adikire galimoto ya mwezi wamawa?

Wa ku Famase

Asadikire. Aimbire wa famase wa ku ofesi ya DHO (mkulu wa zaumoyo m'boma) lero lomwe, alembe fomu yosamutsira katundu yosonyeza batch number, tsiku lothera ndi chiwerengero, mbali zonse ziwiri zisaine, ndipo aliyense alembe pa sitoko khadi yake, wina kutulutsa wina kulandira. Makatoni atha kukwera ambulansi yobwerera yopanda wodwala, koma asagone m'galimoto padzuwa. Kolandirako aike 6x3 ameneyo kutsogolo kwa shelefu: paketi imodzi ikwana ana atatu a piritsi limodzi, ndipo mapaketi awiri akwana ana atatu a mapiritsi awiri.